NYUMBA ZA ALONDA A NJANJI

Munthu wolowa pa sitima mu mzinda wa Shrewsbury, kumadzulo kwa England kufupi ndi malire a Wales, akacokera kumwera amaona nyumba ina yodabwitsa asanatsike n'komwe. Nyumbayo ndi yaitali ndi yopapatiza, ndipo yaima yokha pabwalo limene njanji zinalizinga mbali zitatu. Kunsi kwake ndi kwa njerwa zofiira, koma cipinda capamwamba ndi ca matabwa ndi magalasi kucokera kumapeto kufikira kumapeto. Mulibe munthu wogonamo, mulibenso malonda. M'cipinda capamwambaco mwandanda mipini yacitsulo 180, ndipo usana ndi usiku mumakhala anthu oikoka ndi manja kuti sitima zipite mwamtendere.

Dzina lake ndi Severn Bridge Junction. Inamangidwa mu 1903, ndipo imadziwika kuti ndiyo yaikulu kopambana pa dziko lonse mwa nyumba za masiginolo zimene zikugwirabe nchito ndi mphamvu ya manja. Mu 1948 dziko la Britain linali ndi nyumba za mtundu umenewu pafupifupi 10,000. Pofika mu 2013 zinali zitatsala zosakwana 500, ndipo caka ndi caka zina zimatsekedwa. Mwezi uno tafuna kuti ticeze nanu, awerengi athu, za nyumba zimenezi: m'mene zinayambira, cifukwa cake zinamangidwa motero, ndi cifukwa cimene anthu ena akupereka nthawi ndi ndalama zao kuti zisagwetsedwe. Mudzaona kuti palibe zenera, belu kapena mpini umene unaikidwamo mwa cabe. Zambiri mwa izo anthu anaziphunzira atalira maliro.

Ciyambi cake

Sitima zonyamula anthu zinayamba kuyenda pakati pa Liverpool ndi Manchester mu 1830. Masiku amenewo kunalibe masiginolo monga tiwadziwira lero. Makampani a njanji analemba anthu amene anali kuwacha apolisi, nawaimika m'mbali mwa njanji ndi mbendera usana, nyali usiku. Wapolisiyo anali kudalira koloko: sitima ikadutsa, iye anali kuimitsa yotsatira kufikira zitapita mphindi zingapo, kenaka n'kuilola kuti ipite. Mpaka lero anchito a njanji ku Britain amacha mlonda wa masiginolo kuti "bobby", limene ndi dzina loceza nalo la wapolisi.

Koma lamulo la koloko linali ndi cilema cacikulu. Ngati sitima yoyamba yafera panjira kuseri kwa phiri, wapolisi sanali kudziwa kanthu, ndipo nthawi ikakwana anali kutumiza ina pambuyo pake. Tikumbukirenso kuti sitima si ngolo ya ng'ombe. Magudumu acitsulo pa njanji yacitsulo sagwira msanga, kotero kuti sitima yothamanga imafuna mtunda wautali kuti iime. Woyendetsa akadzaona ngozi ndi maso ake, nthawi yatha kale.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1840 katswiri wina, Charles Hutton Gregory, anaimika siginolo ya mkono pa New Cross mu London. Unali mlongoti wautali wokhala ndi thabwa kumwamba: thabwalo likatambasuka copingasa ndiye kuti sitima iime, likagwa ndiye kuti njira yatseguka. Mu 1843, pa mphambano yopita ku Bricklayers Arms, zogwirira za masiginolo angapo anazisonkhanitsa pamalo amodzi kuti munthu mmodzi aziyendetse. Ambiri amawerenga malo amenewo kuti ndiwo nyumba yoyamba ya masiginolo.

Munthu amene anapititsa nzeruyi patsogolo sanali wa maphunziro apamwamba. John Saxby anali kalipentala wa kampani ya njanji ya ku Brighton. Mu 1856 analembetsa ku boma makina omanga pamodzi masiginolo ndi mapointi, ndiye kuti zitsulo zija zimene zimapatutsa sitima kucoka pa njanji ina kulowa pa ina. Colinga cake cinali cakuti mlonda asathe kuonetsa siginolo yakuti "pita" pamene mapointi aloza kwina. Pambuyo pake iye ndi mnzake John Farmer anatsegula kampani ya Saxby and Farmer, imene inamanga nyumba za masiginolo mazanamazana.

Makampani ena anazengereza, poona kuti zimenezi zinali kudya ndalama. Pa Sabata, pa 25 Ogasiti 1861, sitima zitatu zinanyamuka ku Brighton motsatana m'mphindi zisanu ndi ziwiri zokha. Pakhomo pa mphanga ya Clayton, imene inabooledwa m'phiri, siginolo inakana kubwerera sitima yoyamba italowa. Mlonda Henry Killick anakupiza mbendera yofiira kwa yaciwiri, osadziwa ngati woyendetsa waiona. Woyendetsayo anaiona, naima mumdima m'kati mwa mphanga, nayamba kubwerera cambuyo. Killick anafunsa pa lamya ngati m'mphanga mwayera, ndipo mnzake wa tsidya lija, amene anaona sitima yoyamba ikuturuka, anayankha kuti inde. Yacitatu inalowa. Anthu 23 anafa ndipo 176 anapweteka. Pofufuza kunadziwika kuti Killick anali pa nchito ya maola 24 osapuma, kuti apezeko tsiku limodzi lathunthu lokhala panyumba.

Cimene cinatsiriza mkangano ndi ngozi ya ku Armagh, ku Ireland, pa 12 Juni 1889. Sitima yodzaza ndi ana a sukulu ya Sande ndi makolo ao, opita kukaceza kunyanja, inalephera kukwera citunda. Anchito anaidula pawiri, ndipo ngolo khumi zakumbuyo, zimene anazichinga ndi miyala, zinatsetsereka cambuyo n'kukaombana ndi sitima ina imene inaloledwa kunyamuka potsata koloko. Anthu 80 anafa, ambiri mwa iwo ana ndi acinyamata. Miyezi itatu isanathe, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la zinthu zitatu pa njanji zonyamula anthu: masiginolo ndi mapointi amangidwe pamodzi, njanji igawidwe m'zigawo, ndipo m'cigawo cimodzi musalowe sitima ziwiri pa nthawi imodzi, sitima iriyonse ikhale ndi mabuleki ogwira okha ngolo zikaduka. Popeza cigawo ciriconse cinafuna mlonda kuciyambi ndi kumapeto kwake, nyumba za masiginolo zinamera m'dziko lonse ngati bowa.

Nchito ndiyo inalamula mamangidwe

Tikayang'ana zithunzi za nyumba zimenezi, kaya ya mipini 10 kaya ya mipini 100, timaona kuti thupi lake ndi limodzi. Ndi nyumba yosanja, ya cipinda cina pansi ndi cina pamwamba, ndipo makwerero ake ali kunja, kumbali.

Cipinda capamwamba anacikweza kuti mlonda aone pamwamba pa ngolo zoima, kufikira kumapeto kwa dera lake. Mazenera anazungulira kutsogolo ndi m'mbali monse pa cifukwa cimodzi cacikulu. Ngolo yomarizira ya sitima iriyonse imanyamula nyali yofiira kumbuyo, ndipo mlonda ayenera kuiona nyaliyo ndi maso ake. Akaiona adziwa kuti sitima yapita yathunthu. Akapanda kuiona, ndiye kuti mwina ngolo zina zaduka ndipo zatsala panjira, ndipo iye sangalole sitima ina kulowa m'cigawoco. Mazenerawo ndi okankhira kumbali, kuti mlonda athe kuturutsa mutu ndi kuonetsa mbendera kapena kupfuulira woyendetsa. Denga limaturukira kunja ngati cipewa kuti dzuwa lisamthobwe m'maso ndi mvula isaphimbe magalasi. Usiku nyali ya m'kati imakhala yozirala, pakuti munthu wokhala m'cipinda cowala saona za mumdima. Kunja kuli thabwa lolembedwa dzina la malowo m'malembo akuluakulu, kuti woyendetsa adziwe pamene wafika.

Cipinda capansi ndi camdima, ca mazenera ang'onoang'ono, ndipo alendo saciona kawirikawiri, koma ndimo muli nzeru yonse. Mpini uliwonse wa pamwamba unapyola pansi n'kulumikizana ndi mipiringidzo yacitsulo yokhala ndi mano ndi mipata. Mlonda akakoka mpini umodzi, mpiringidzo wake umasuntha ndi kutsekera mipini ina yonse imene ingadzetse ngozi. Ngati watsegulira njira sitima yocokera kumpoto, mpini wotsegulira ina yoti idutse pa mphambano yomweyo sungasunthe, ngakhale aukoke amuna awiri. Citsulo sicimva kupepesa, ndipo sicidziwa kuti mlonda watopa kapena wafulumira.

Kucokera m'cipinda cimeneci ndodo zacitsulo zimayenda pansi m'mbali mwa njanji kupita ku mapointi, ndipo mawaya amayenda pa timagudumu kupita ku masiginolo. Mphamvu yonse ndi ya msana wa munthu. Ncifukwa cake lamulo silinalole kuti mapointi okokedwa ndi manja atalikire kuposa mayadi 350, ndiye kuti mamita ngati 320, kucokera pa nyumba. Siteshoni yaikulu inali kufuna nyumba zingapo, ina kuno ina uko. Waya wa siginolo yakutali umatha kupitirira kilomita imodzi. Kukatentha umatalika, kukazizira umafupika, ndipo mlonda ali ndi kacitsulo koukungira molingana ndi nyengo.

Za m'kati mwa cipinda ca mlonda

Mipini inapakidwa utoto wouza nchito yake. Yofiira ndi ya masiginolo oimitsa sitima, yacikasu ndi ya masiginolo akutali ocenjeza, yakuda ndi ya mapointi, yobiriwira ngati thambo ndi ya maloko a mapointi, ndipo yoyera ndi yosagwira nchito. Nsonga zake ndi citsulo copukutidwa bwino, ndipo mlonda weniweni sazigwira ndi dzanja lokha. Amagwirira kansalu, kuti thukuta lisadzetse dzimbiri. Pansi anali kupukuta kufikira pang'anima, ndipo m'nyumba zambiri mlonda anali kuvula nsapato za panja ndi kubvala zofewa. Kukhoma lakumbuyo kunali citofu ca malasha, ketulo, mpando, koloko, ndi desiki lokhala ndi buku lalikulu lolembamo nthawi ya sitima iriyonse.

Pamwamba pa mipini pali alumali la mabelu ndi timabokosi ta singano. Alonda awiri oyandikana, amene mwina ali pa mtunda wa makilomita asanu ndipo saonana nkhope, amalankhulana ndi kulira kwa belu. Kugunda kamodzi ndi kuitana mnzako kuti achere khutu. Kugunda kanai motsatana ndi kufunsa ngati njira iri yoyera kuti sitima yothamanga ya anthu ibwere. Katatu, kupuma, kenaka kamodzi, ndi kufunsira sitima wamba yoima pa masiteshoni onse. Wofunsidwayo akabvomera amabwereza kulira komweko ndi kutembenuza singano yake kuti iloze pa mau akuti njira iri yoyera. Kawiri ndiye kuti sitima yalowa m'cigawo. Kawiri, kupuma, kamodzi, ndiye kuti yaturuka yathunthu ndipo nyali yake yaoneka. Kasanu ndi kamodzi ndi mfuu ya ngozi: pa njanji pali copinga, imitsani zonse. Belu liri lonse liri ndi liu lakelake, kotero kuti mlonda wozolowera amadziwa amene akumuitana ngakhale atafulatira.

Mfundo yaikulu ya nchitoyi ndi yakuti njanji imayesedwa yotsekeka nthawi zonse kufikira mnzako atakuuza kuti yatseguka. Palibe kuganizira, palibe kunena kuti mwina yapita kale. Kale sitima iriyonse inali kuperekedwa kucokera m'manja mwa mlonda uyu kupita m'manja mwa winayo, kucokera ku London kufikira ku Scotland, monga anthu a m'midzi yoyandikana aperekezera mlendo kumalire ndi kumsiya m'manja mwa anzao.

Inali nchito ya munthu mmodzi payekha. Nyumba ya Blea Moor, pa njanji ya pakati pa Settle ndi Carlisle, inaimikidwa pa cipululu ca mapiri ozizira kumene msewu wa galimoto sufika, ndipo mlonda anayenera kumariza ulendo wake wa kunchito ndi miyendo. Pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu, amuna atapita kukamenya nkhondo, akazi ambiri anakwera makwerero amenewa n'kugwira mipini, ndipo anaonetsa kuti nchitoyo imafuna mutu wodekha koposa mphamvu.

Kampani iriyonse ndi nkhope yake

Isanafike 1923 Britain inali ndi makampani a njanji oposa 100, ndipo yaikulu iriyonse inali ndi kamangidwe kake, kotero kuti wodziwa amatha kuchula mwini nyumba poona denga lokha. A Midland Railway anali kupanga zipupa za matabwa ku Derby, n'kuzinyamula pa sitima, n'kukazilumikiza pamalo pake m'masiku owerengeka; denga lao linali lotsetsereka mbali zonse zinai, ndi timitu tosongoka tiwiri pamwamba. A London and North Western Railway, amene mamangidwe ao ndiwo a nyumba ya ku Shrewsbury ija, anali kupanga pafupifupi zonse ku Crewe, ndi njerwa zomwe, ndipo sanali kukonda zokometsera. A Great Western Railway anakonda njerwa zofiira zosakaniza ndi zakuda m'makona, ndi mazenera a magalasi asanu, atatu pamwamba awiri pansi. A Great Northern Railway anali kusema matabwa a m'mphepete mwa denga mokongola ngati nsalu yoluka. Pamene dothi linali lofewa, monga pa mtumbira wa njanji, anali kumanga nyumba yonse ya matabwa kuti isalemere. Ku Hexham ndi ku Wylam, kumpoto kwa England, nyumba anaipachika pa mlatho wacitsulo pamwamba pa njanji penipeni, sitima n'kumadutsa pansi pa mapazi a mlonda.

Nyumbazi zimasimbanso mbiri ya nthawi yake. M'zaka za m'ma 1930 a Southern Railway anamanga za denga lafulati ndi makona obulungira, zofanana ndi nyumba za kanema za masiku amenewo. Ya ku Woking, ya mu 1937, ndi citsanzo cake. Nkhondo yaciwiri itayandikira anayamba kumanga za zipupa zocindikala ndi denga la konkire, kuti zipirire zidutswa za mabomba, monga ya ku Runcorn ya mu 1940. Ndipo m'nyumba zambiri zakale mazenera apansi anawatseka ndi njerwa. Kenaka kunadza magetsi. Nyumba ya Birmingham New Street, imene inayamba nchito mu 1966, ndi cimphona ca konkire wa mizeremizere, ndipo m'kati mwake munalibe mipini koma mabatani. Ena anali kuiyesa yonyansa, komabe boma linailemba m'gulu la nyumba zosungidwa mu 1995. Inagwira nchito kufikira pa 24 Disembala 2022.

Munthu ndi munthu ndithu

Makina a Saxby analetsa zolakwa zambiri, koma sanathe kuletsa tulo kapena kuiwala. James Holmes anali mlonda wa nyumba ya Manor House, kufupi ndi Thirsk m'dera la Yorkshire. Pa 1 Novembala 1892, atangoweruka nchito ya usiku, kamwana kake kakakazi kanadwala mwadzidzidzi. Iye anayenda mtunda wautali kufunafuna dokotala, koma mwanayo anamwalira. Holmes anapita kwa mkulu wa siteshoni kukanena kuti sangathe kugwira nchito usiku umenewo. Mkuluyo anapempha wolowa m'malo pa lamya, koma sanafotokoze cifukwa cake, ndipo yankho linadza lakuti palibe munthu. Holmes anasiya mkazi wake pamaliro nakwera makwerero, atakhala maola oposa 30 osagona.

M'bandakuca wa pa 2 Novembala analandira sitima ya katundu m'cigawo cake, ndipo tulo tinamgwira. Sitimayo inadzaima pa siginolo yake, mu nkhungu. Atadzidzimuka patapita mphindi zingapo anali ataiwala za iyo, ndipo analola sitima yothamanga yocokera ku Edinburgh kuti ibwere. Anthu khumi anafa. Bwalo linampeza wolakwa, koma woweruza anammasula osampatsa cilango, ndipo anthu ambiri anaona kuti mlandu weniweni unali wa amene anamkakamiza kugwira nchito. Caka cotsatira, mu 1893, Nyumba ya Malamulo inapatsa boma mphamvu yofufuza madandaulo a anchito a njanji ogwiritsidwa maola opitirira muyeso.

Nkhani ya ku Quintinshill, kufupi ndi Gretna kumalire a Scotland, ndi yosiyana. Kumeneko alonda awiri, George Meakin ndi James Tinsley, anapangana mobisa kuti azisinthana ca m'ma 6:30 m'mawa m'malo mwa 6 koloko. Pofuna kuti akulu asadziwe, wa usiku anali kulemba nthawi za sitima pa kapepala, ndipo wa m'mawa akafika anali kuzikopera m'buku ndi dzanja lake. M'mawa wa pa 22 Meyi 1915 sitima ina yaing'ono anaiimika pa njanji ya sitima zopita kumwera kuti ipatse njira zothamanga. Panali kakolala kacitsulo koyenera kubvekedwa pa mpini kuti usakokedwe pamene njanji iri ndi sitima, koma sikanabvekedwe. Tinsley, ali kalikiliki kukopera m'buku, anatsegulira njira sitima yodzaza ndi asilikali, ngakhale kuti sitima yoimayo inali poonekera pazenera lake, ndipo iye mwini anali atangotsikamo. Patangopita mphindi imodzi zitaombana, sitima yacitatu inadzagunda zophwanyikazo, ndipo moto unabuka. Anthu oposa 220 anafa, ambiri a iwo asilikali a gulu la Royal Scots. Mpaka lero ndiyo ngozi yoopsa kopambana m'mbiri ya njanji za ku Britain. Alonda awiriwo anaikidwa m'ndende.

Akulu anati cakudza siciimba ng'oma. Kuphwanya lamulo kwa theka la ola, kumene kunacitika masiku ambiri popanda coipa, tsiku lina kunadya miyoyo mazana awiri. Ngozi zotere ndizo zinafulumizitsa kufalikira kwa nzeru ina, imene William Robinson anaitulukira ku America mu 1872: kuyendetsa magetsi ocepa m'njanji momwe, kotero kuti sitima ikaima pamenepo magudumu ake amadziulula okha, nyali n'kuyaka pa mapu a mlonda ndi mpini wa siginolo n'kutsekeka.

Kutha kwake ndi kusungidwa kwake

Magetsi omwewo ndiwo anayamba kutha nchito ya nyumba zazing'ono. Ngati njanji ikhoza kunena yokha pamene sitima iri, ndipo mota ikhoza kutembenuza mapointi, mlonda safunikanso kukhala pafupi kapena kuona nyali yofiira ndi maso. Nyumba imodzi ya mabatani inalowa m'malo mwa makumi angapo a nyumba za mipini. Njanji zambiri za kumidzi zinatsekedwanso m'zaka za m'ma 1960. Lero bungwe la Network Rail likusonkhanitsa nchito yonse m'malikulu owerengeka a makompyuta, kumene munthu amayendetsa sitima zimene sadzaziona, pa mtunda wa makilomita mazana. Sitikunena kuti zimenezi n'zoipa. Njira zatsopano zimalola sitima zambiri kuyenda mofulumira, ndipo zimachinjiriza miyoyo koposa kale.

Funso ndi lakuti: nanga nyumba zakalezo zicitidwe ciani? Mu 2013 boma, polangizidwa ndi bungwe la English Heritage, linaonjezera nyumba za masiginolo 26 pa mndandanda wa nyumba zosaloledwa kugwetsedwa kapena kusinthidwa popanda cilolezo. Koma kulemba dzina pa pepala sikutseka denga lodontha. Nyumba ya matabwa ikangozimidwa citofu imayamba kuola. Zambiri ziri pakati pa njanji zamoyo, kumene mlendo sangafike popanda kuika moyo wake pa ciswe, ndipo nyumba yopanda mwini imakopa ophwanya magalasi ndi otentha moto.

Zimene zapulumuka bwino ndi zimene anthu wamba anazitenga ngati zao. Ya St Albans South, yomangidwa ndi a Midland Railway mu 1892, inatsekedwa mu 1979 ndipo inakhala yosiyidwa zaka zoposa 20, kufikira anthu a mumzindawo anapanga bungwe, naikonza ndi manja ao, naitsegulira alendo. Ya ku Romsey inatsekedwa mu 1982, ndipo mu 1987 anainyamula n'kukaiika pabwalo la sukulu ya ana aang'ono. Ya ku Settle anaisuntha mu 1997 kuiyandikiza ku siteshoni kuti anthu azifikako bwino. Ya Exeter West, ya mipini 131, anaiphwasula cidutswa ndi cidutswa n'kukaimanganso ku Crewe. Ya ku Totnes inasandutsidwa malo omwera tiyi. M'zingapo mwa nyumba zimenezi alonda opuma pa nchito amaimirira pambali pa mwana wa sukulu, kumpatsa kansalu, ndi kumuonetsa m'mene angakokere mpini ndi thupi lonse. Pamenepo cosungidwa si matabwa okha, komanso luso la m'manja ndi cinenero ca mabelu, zimene zikadatha pamodzi ndi eni ake.

Nanga kwathu kuno?

Njanji ya dziko lathu ndi mwana wa njanji zomwezi. Mlatho wa pa Victoria Falls unatha mu 1905, njanji inafika ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe, mu 1906, ndipo mu 1909 inafika kumalire a Congo. Mzinda wa Lusaka weniweniwo unayamba mu 1905 ngati kamalo kopatukirapo sitima. Popeza njanji yathu ndi ya mzere umodzi ndipo sitima zinali zowerengeka, nyumba za mipini sizinaculuke monga ku Britain, ndipo m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Rhodesia Railways inayamba kale kuyendetsa zigawo zitalizitali za njanji ndi magetsi kucokera pamalo amodzi. Koma lamulo lalikulu ndi lomwe lija: sitima ziwiri zisakomane m'cigawo cimodzi, ndipo pakhale munthu amene ali maso.

Ku Livingstone, m'mashedi akale a injini za kampani ya Zambezi Sawmills, muli nyumba yosungiramo zakale za njanji, imene iri m'manja mwa bungwe la National Heritage Conservation Commission. Mabanja ndi masukulu okaona mathithi angacite bwino kupatulako ola limodzi kuti ana akaone injini za malasha zimene zinanyamula agogo ao popita ku migodi. Ndipo m'makomboni a ku Kabwe, ku Ndola ndi ku Livingstone, ngakhalenso m'midzi ya kum'mawa kumene ambiri anabwerera atapuma, muli madoda amene anatha zaka zao akutembenuza mapointi ndi kukupiza nyali usiku, pamene apaulendo anali m'tulo. Maina ao sanalembedwe pa cipupa ciriconse, pakuti mlonda wabwino ndi amene tsiku lake latha popanda nkhani. Ngati m'banja mwanu muli mmodzi wa iwo, khalani naye pansi madzulo ano, mum'funse m'mene nchitoyo inali kuyendera, ndipo mwana wodziwa kulemba alembe.